Nkhope ya Pamsana

Chaka chimenecho tinayeserera chimtali milungu isanu pabwalo la ku Kasakula, chifukwa kunamveka kuti kukubwera akuluakulu a chipani. Unali mwezi wa Okutobala. M'mawa tinkathirira fodya panazale, masana onse tili pafumbi ndi bulauzi ya chipani. Ine Manesi ndinali nayo imodzi yokha, ndipo telala anaisoka mothina, nkhope ya mtsogoleri wa dziko ya pansaluyo n'kukhala pakati penipeni pa msana wanga.

Mlungu wachiwiri ndinatuluka tiziphuphu tofiira ngati mapira, kuyambira m'mapewa mpaka m'chiuno. Kuyabwa kwake kunali kwa chitedze. Ndinagula mafuta odzola kusitolo kwa a Sabiti, koma zinakhala ngati ndathira feteleza. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndinatsetsereka phiri kupita kuchipatala. Adokotala anati si ziphuphu wamba, ndi abale ake a chipere amene amalowa m'mizu ya ubweya, ndipo amanenepa ndi thukuta ndi mafuta. Anandipatsa mankhwala onunkha n'kundiuza kuti chovala chimene ndimachitiramo thukuta ndichisiye kaye. Nditatchula chovalacho, anayang'ana kukhomo n'kunena kuti iwo za chovala sanakambepo.

Basi ndinapitiriza kuvina, ng'oma ikapuma n'kumakanda ndi chitsononkho pamwamba pa nsalu pomwepo. Ndinali wotopa moti sindinaganizeko kuti ndikukanda chiyani.

Lachitatu la mlungu womaliza a Faines, atcheya a amayi, anandiitanira kuseri kwa nyumba yawo. Mayi ameneyu sitinkaseka naye. M'mudzi mwathu anali atatengedwa kale munthu chifukwa chopichirira fodya m'nyuzi yokhala ndi nkhope yomweyo, ndipo zinkamveka kuti anakanena ndi iwo.

Anandiuza kuti ndivule. Ataitambasula bulauzi ija, ndinaona diso limodzi la nkhope ija litaperepeseka, patsaya pali madontho a magazi ouma. Ndinaganiza za ana anga atatu, kuti adzawasambitsa ndani.

"Amavina kumbuyo kwanu ndani?" anafunsa.

Ndinati a Marita.

"A Marita ndinawapititsa kutsogolo Lolemba. Kumbuyo kwanu kwakhala ine."

Anatenga beseni, n'kuiviika bulauziyo m'madzi, nkhope pansi. Ananena mosakweza mawu kuti kukana nsalu ya akulu n'kuviika, ndipo wina akandifunsa ndiziti atcheya achapa, sinaume. Padzuwa la Okutobala inatha masiku atatu osauma, ndipo palibe amene anadabwa. Ine ndinavina ndi deresi langa lakale, msana n'kupumako. Sindinawathokoze bwino, mantha anali asanandichoke.

Loweruka m'mawa anandibwereka bulauzi yawo ina, yotakasuka. Tinadikira pabwalo opanda chakudya mpaka dzuwa kupendeka. Alendo anafika, anaonera nyimbo ziwiri, n'kukwera galimoto. Ife tinakwera phiri wapansi, ine ndikungofuna mphasa.

Kunyumba ndinaivula kuti ndiichape ndisanabweze. Nditaitembenuza, ndinapeza kuti mkati mwake, kuseri kwa nkhope, anasokeramo chigamba cha thumba la mchere. Chigambacho chinali chitatha ndi kukanda, ndipo pansi pake panali china chakale, cha madontho ngati anga.