Ndime Yosowa mu Nyimbo ya a Chitoliro

A Chitoliro anavala jekete ndi tayi kuti amvere nyimbo pabalaza la nyumba yawo yomwe. Akazi awo, omwe anali pakona ndi mulu wa zovala zosita, anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Kodi kuli maliro, bambo ake?"

"Mwina alipo. Tidziwa nyimbo zikayamba."

Dzina loti Chitoliro linawamatirira kalekale, masiku omwe ankaimba nyimbo zachikondi m'mahotela, tsitsi litapakidwa mafuta, atsikana akuponya mipango pasiteji. Masiku amenewo anapita, ndipo anapita ndi tsitsi lomwe. Wailesi inawaiwala. Malo okhawo omwe ankaimbirako tsopano anali kubafa, komwenso ankawagogodera kuti afulumire.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, anatengera pakhosi pa bambo ake, koma anatengera mokhota. Mkati mwa sabata anali namwino kuwodi ya ana, wa mawu ofewa moti khanda lolira linkagona akangolinong'oneza. Loweruka likakwana ankavala zakuda n'kukagwira maikolofoni m'gulu la Mafupa a Dzimbiri, loimba nyimbo zaphokoso zomwe eni ake amazitcha metolo. Sanalinso metolo wamba, koma wa kumapeto kwenikweni, woti woimba saimba koma amabangula. Anzake ankamutcha Namondwe.

Chaka chapitacho a Chitoliro anapita kamodzi kukaonera gululo. Potuluka anauza mwanayo, anzake ali pomwepo, kuti anamvapo chigayo chikuimba bwino kuposa pamenepo. Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukupeza. Kuyambira tsiku limenelo Namondwe akabwera kunyumba ankangolunjika kukhitchini kwa mayi ake, bambo ake n'kuwapatsa moni wa munthu yemwe wakumana naye m'basi. Zinkawapweteka a Chitoliro, koma kupepesa sankakudziwa poyambira pake.

Ndiye dzulo lake mwanayo anaimba foni.

"Bambo, tajambula kachimbale. Nyimbo zinayi basi, ndipo zonse ndi zanu zakale zija."

"Zanga? Mwazitani?"

"Mumva nokha mawa. Mukati ayi, tifufuta, ndipo sindidzakuvutitsaninso."

Mwanayo anali ngati mayi ake, sankanena chinthu kawiri. A Chitoliro anadziwa kuti akakana, chofufutidwa sichikhala kachimbale kokha.

Anafika masana, onse anayi. Wang'oma anali mphunzitsi wa oyendetsa galimoto, munthu woti miyendo yake sinkakhazikika ngakhale atakhala pansi. Wagitala anali mphunzitsi wa masamu, tsitsi lofika m'mapewa. Wabesi, woimba gitala ya mawu apansi, anali wometa, chimunthu chodzaza khomo, cha ndevu zolukidwa. Malaya awo anali ndi zigaza ndi malawi a moto, koma onse anavula nsapato pakhomo, nakhala m'mphepete mwa sofa mawondo ali pamodzi, aliyense akubisa chala chotulukira pa sokosi. Atalandira tiyi anathokoza ndi manja awiri.

Namondwe analumikiza foni kusipika, osayang'ana bambo ake, nakanikiza.

Chomwe chinatuluka m'sipikamo sichinayambe, chinagwa. Makapu a m'kabati anayamba kugundana. Mphaka, yemwe anagona pawindo kuyambira m'mawa, anatuluka osaponda pansi. Pamwamba pa ziphaliwali zonsezo panabwera mawu a mwana wawo, mawu ochokera pansi pa chitsime, ndipo a Chitoliro anagwira mikono ya mpando ngati munthu yemwe akumuzula dzino. Kenako zii.

"Nyimbo iyamba liti?" anafunsa.

"Yatha, Bambo."

"Yatha? Ine nyimbo imeneyo ndinkaimba mpaka anthu kupita kukagula zakumwa n'kubwerera."

"Tinaifulumiza pang'ono, achikulire," anatero Wagitala mwaulemu.

"Ubwino woyamba ndaupeza," anatero a Chitoliro. "N'zazifupi."

Palibe anaseka, kupatula akazi awo, omwe anasekera m'malaya omwe ankasita.

Nyimbo yachiwiri inabwera ndi ukali womwewo, koma chapakati pake panachitika chinthu chomwe a Chitoliro sanachikonzekere. Pansi pa phokosolo, gitala inali ikuyenda njira yomwe iwo ankaidziwa. Inali nyimbo yawo ndithu, palibe pomwe inapotozedwa, kungoti yavala nsapato zachitsulo. Anyamatawa sanangoiwaza, anaiphunzira. Winawake anakhala pansi n'kumvera kambirimbiri chinthu chomwe dziko lonse linataya. Anachita manyazi, ndiponso anakondwa, zonse nthawi imodzi. Atayang'ana pansi anapeza phazi lawo likugunda kapeti popanda chilolezo, ndipo analiponda ndi linzake.

"Iyo?" anafunsa Namondwe.

"Ng'oma zachuluka. Munthu mmodzi amamenya zonsezo?"

"Miyendo yonse iwiri, achikulire," anatero Wang'oma, nkhope ikuwala.

"Tiyeni kutsogolo."

Yachitatu inali Ambulera Imodzi, nyimbo yomwe a Chitoliro ankainyadira kuposa zonse. Anatseka maso. Ndime yoyamba inadutsa ngati lole yopanda mabuleki, kolasi n'kudutsa, ndipo iwo anakoka mpweya kudikira ndime yachiwiri. M'malo mwake gulu lonse linapunthwa pamodzi. Pakati pa liwu, Namondwe anadula, ng'oma zinatsimphina kagawo kakang'ono, ndipo onse anagwera m'kolasi yomaliza ngati anthu odumpha ngalande.

"Imitsani! Apa mwalumpha."

"Pamenepo ndiye pamene timakupatsirani ulemu, achikulire!" Wang'oma anadzuka, tiyi n'kutayikira pasosala. "Inu munkawerenga bwanji pamenepo? Ine ndinavutika napo mwezi wathunthu. Mwendo uwu unatupa. Uyu ndi wa masamu, koma analephera kupawerenga."

"Sipagawika," anavomera Wagitala mwachisoni. "Ndinayesa njira zonse. Anthu a masiku ano sapeka choncho. Munali patsogolo pa nthawi yanu."

A Chitoliro anali asanauzidwepo mawu oterowo ngakhale m'masiku a tsitsi aja, ndipo anawakomera mpaka kumsana. Koma mmisiri ndi mmisiri.

"Anyamata inu, ine sindinapeke chopunthwa. Pamenepo pali ndime yathunthu, mizere inayi."

"Palibe ndime, Bambo," anatero Namondwe. "Ndakula ndi tepi imeneyi. Tinaphunzira kuchokera pomwepo, sitinasinthe kanthu."

Anapisa m'chikwama natulutsa kaseti yakale, chithunzi cha bambo ake chitafwifwa, kolala ya malaya yotambalala ngati mapiko. Inali kaseti ya m'nyumba momwemo, yomwe inkalira kukhitchini iye ali mwana. A Chitoliro anali asanaimvetserepo. Ankati woimba weniweni samadzimvera, ndipo ikayamba kulira ankatuluka kukaima pakhonde kuti anansi awaone.

"Ndikuti ndime ilipo! Ndine mwini wake. Imati chonchi." Anakonza pakhosi, natambasula dzanja, ndipo mawu akale aja anatuluka, osalala ngati dzulo. "Mpata wa pa mano ako ndiwo khomo la kwathu..."

Anaima. Simbi ya pakona ija inali itasiya kuyenda.

Namondwe anatembenukira kwa mayi ake. Mayiwo anamwetulira mofatsa, mano onse poyera, ogundana bwinobwino moti ngakhale ulusi sukanadutsa.

"Koma Amayi alibe mpata," anatero Namondwe.

Wabesi anatsamwa ndi tiyi. Wagitala anayamba kuwerenga maluwa a pakapeti.

A Chitoliro anatenga kasetiyo, nalowetsa bolopeni pa kabowo, nayamba kupukusa pang'onopang'ono, akuyang'ana lamba wake pa kuwala kwa pawindo. Sanapukuse nthawi yayitali. Pamalo pena lambayo anali wodulidwa mowongoka, ndi dzanja losanjenjemera, n'kulumikizidwa ndi kadontho ka utoto wofiira wa m'zikhadabo.

"Mayi ake."

"Matepi akale ankaduka okha, bambo ake."

"Okha? N'kudzimatanso okha?"

"Ena anali anzeru."

Mlandu suwola. Mkazi wa mpata uja anali wogulitsa matikiti pakhomo la holo ina, kale asanakwatire, kapena mwina atangokwatira kumene, pamenepo mutu wa a Chitoliro sunkafuna kukumbuka bwino. Nkhope yake anaiiwala. Akanakumana naye pamsewu akanamudutsa. Koma mizere inayi ija ankaikumbuka yonse, ndipo ankadziwa mumtima kuti pa zonse zomwe anapeka m'moyo wawo, panalibe yoposa imeneyo. Zaka zonsezi ankaganiza kuti ikulira m'nyumba mwawo, pomwe inali itatayidwa kalekale limodzi ndi makoko a anyezi. Ndipo akazi awowa sanafunsepo, sanalalatepo, sanawamanepo madzi osamba. Anangotenga lezala n'kuweruza mlandu yekha.

Kenako Namondwe analankhula ndi mawu ake a kuwodi ya ana.

"Ngati nyimbo yanu ndi yosakwanira, Bambo, nenani. Mutiphunzitse ndimeyo tikajambulenso, kapena tingosiya zonse. Sindikufuna kutulutsa chinthu choti muzidzati tinakuonongerani."

"Komanso musadandaule, achikulire," anawonjezera Wabesi, pofuna kuthandiza. "Mmene timaimbira ifemu, mawuwo palibe adzawamve."

"Ine ndimva," anatero mayi a Namondwe, osakweza mutu.

A Chitoliro anaika kaseti pathebulo. Anayang'ana mwana wawo, yemwe anali atapinda manja pachifuwa ngati wokonzekera jekeseni. Anakumbuka kamtsikana kali m'beseni losambira, kakuimba Ambulera Imodzi ndi kamawu kake kosongoka, n'kumapunthwa pamalo omwewo tsiku lililonse. Iwo ankaseka, n'kumati ndi chibwana, akakula adzaidziwa. Chonsecho mwanayo sanaphonyepo ngakhale kamodzi. Ankaimba zomwe anapatsidwa.

"Tabwezerani pamenepo," anatero.

Namondwe anabwezera. Lole ija inabweranso, n'kufika pangalande, n'kudumpha. Ulendo uno a Chitoliro sanadikire ndime, anangomvera. Pamene nyimbo inapunthwa, mtima wawo unapunthwa nawo, ngati munthu akaponda sitepe yomwe palibe. Kenako kolasi inawagwera ndi mphamvu yomwe iwo, ndi magitala awo aulemu aja, sanaipezepo. Zinawawawa kuvomereza, koma khutu silinama. Panali pabwino. Panali pabwino kuposa pena paliponse m'kachimbale konseko.

"Kenanso."

Anabwezera kachitatu. Wang'oma ankamenya mawondo ake, milomo ikuwerenga chamumtima.

"Musakhudze kanthu," anatero a Chitoliro pomaliza. "Tulutsani momwemo."

"Zoona, Bambo?"

"Ndanena. Koma pachikuto mukonze. Nyimbo zitatuzo mulembe kuti ndinapeka ine. Iyi mulembe kuti tinapeka awiri, ine ndi mayi ako. Malo omwe akutupitsa miyendo ya anthuwa ndi awo."

Wang'oma anadzuka, napita pakona, nagwira dzanja la mayiwo ndi manja ake onse awiri.

"Amayi, ndinu katswiri. Munaganiza bwanji zodula pakati pa liwu?"

"Ndinali ndi changu, mwanangu. Mwana anali akulira."

Namondwe anaseka, kuseka kwenikweni, koyamba pabalazapo chaka chonsecho. Nyimbo yachinayi anaimvera atakhala pa mkono wa mpando wa bambo ake. Inali yaphokoso kuposa zinzake zonse, ndipo a Chitoliro sanatolepo liwu ndi limodzi lomwe, ngakhale mawuwo anawalemba okha. Itatha anati ng'oma zachulukabe, komanso kubangula koteroko kudzamuthera pakhosi, azimwa madzi ofunda. Mwanayo anati wamva, dzanja lake lili paphewa pawo.

Alendo atatsanzika, awiriwo anaima pawindo. Panja galimoto ya Mafupa a Dzimbiri inali itakana kulira. Amuna atatu a zigaza pachifuwa ankaikankha, Namondwe ali pachiwongolero, akuwakalipira ndi mawu a pansi pa chitsime aja, anansi akusuzumira m'mipanda.

"Koma ndime ija inali yokoma, mayi ake," anatero a Chitoliro motsitsa.

"Inali yokoma kwabasi."

"Ndiye?"

"Ikanakhala yoipa ndikanaisiya."

Galimoto inatsokomola, n'kulira, n'kukhota pakona, dzanja la mwana wawo likukupiza pawindo. Iwo anatsala chiimire pomwepo, phewa litakhudza phewa, makutu onse anayi akulirabe.