Mtsuko wa pa Tiyirumu ya Mayi Esinala

"Bambo Sebastiano ali ndi ngongole yanga, ndipo si ya ndalama ayi. Ananditengera dzina langa pa depoti, dzuwa likuswa mtengo, anthu onse akumva. Akandibwezere pomwepo."

Amenewa ndiwo anali mawu a Mayi Esinala kwa masabata atatu athunthu. Ankauza aliyense wodutsa, wofuna kumva ndi wosafuna yemwe. Tiyirumu yawo inali kuseri kwa depoti ya maminibasi pa boma la Nsanje: kachipinda kamodzi, mabenchi atatu, ndi uvuni wa njerwa panja. Sukulu anailekezera sitandade 3, koma ana anayi anawalera ndi ketulo ndi masikono basi. Kale masikonowo ankatha 9 koloko isanakwane. Tsopano ankafika madzulo ali mbwee m'beseni, kuuma mpaka kusanduka miyala.

Bambo Sebastiano anali mkulu wa anthu a kabaza pa depotipo, munthu wa mawu ngati hutala ya lole. Tsiku lina anayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza mpaka maso kulowa m'kati. Anamutengera kuchipatala pa njinga yake yomwe, ndipo anagona kumeneko masiku asanu ali pa diripi. Anzake ena anayi anadwalanso sabata yomweyo. Atangotuluka m'chipatala, Bambo Sebastiano anaima pakati pa depoti n'kukuwa kuti, "Amene akufuna kuona manda msanga akamwe tiyi wa Esinala!"

Basi, mabenchi anakhala opanda munthu.

Moyandikana ndi tiyirumuyo panali benchi la Sellina, wokazinga tchipisi ndi nsomba. Iyeyu ndiye anabwera ndi nzeru zake.

"Asisi, musadzivute n'kuganiza. Imeneyi ndi nsanje ya anthu. Wina wakukwirirani kanthu pakhomopa. Kuli sing'anga kutsidyaku, mawa lomwe tikwere bwato."

"Bwato ulipira ndiwe?"

"Aaa, asisi!"

"Ndiye khala chete. Sing'anga adzandidyera nkhuku, makasitomala osabwera."

"Chabwino, koma imvani iyi. A zaumoyo akuyendera malo odyera. Akamabwera, muzingoika ndowa yoyera pakhomo ndi kasopo, aone, alembe, azipita. Ine ndimatero. Akapita ndimabweza sopo m'thumba. Sopo ndi wodula, asisi."

Mayi Esinala anangoti "mhu". Iwo analibe choti abise. Tiyi wawo ankawira mpaka chivindikiro cha ketulo kuvina. Nanga kachilombo kanji kangapulumuke mmenemo?

Lachiwiri m'mawa kunafika Loyce, mlangizi wa zaumoyo wa dera limenelo, mtsikana wochepa thupi wochokera kumtunda ku Thyolo. Mayi Esinala sanadikire ndi moni womwe.

"Ngati mwabwera kudzatseka, tsekani msanga. Palibe chotseka, anatseka kale Sebastiano ndi pakamwa pake."

"Sindinabwere kudzatseka, mayi. Ndabwera kudzakhala pa benchi. Inu gwirani ntchito monga mwa masiku onse, ine ndizingoona."

"Kuona n'kwaulere. Kukhala pa benchi ndi kwa ogula tiyi."

Loyce anaseka n'kugula kapu imodzi ndi sikono. Atakhala, anaona wonyamula madzi akutsitsa zigubu ziwiri zochokera ku Shire. Chigubu chimodzi Mayi Esinala anathira m'ketulo ndi m'beseni lotsukira makapu. Chinacho anachikhuthulira mumtsuko waukulu umene unali pamthunzi pafupi ndi khomo, n'kuikapo mbale pamwamba, ndi kapu yapulasitiki yomangidwa chingwe.

"Mtsukowu ndi wa chiyani, mayi?"

"Madzi akumwa. Aulere. Inu a kumtunda simudziwa dzuwa la kuno. Munthu wapalasa njinga kuchokera kumidzi uko atanyamula thumba la makala, afike pano pakhosi pali gwaa, ndimugulitse madzi? Mayi anga akanandizukira. Mtsukowu unali wawo. Madzi ake amazizira ngati a mufiriji."

"Bambo Sebastiano ankamwa mmenemu?"

"Iyeyo ndiye ngamila. Makapu anayi asanakhale n'pansi pomwe."

"Nanga anzake anayi aja?"

"Onse. Akabaza onse amamwa."

"Mwa a kumaofesi amene ankabwera m'mawa, alipo anadwala?"

"Palibe. Iwowo amayenda ndi timabotolo tawo, amangomwa tiyi."

"Nanga inuyo, mumamwa a mumtsuko?"

"Ine madzi ozizira amandipweteka mano. Ndimamwa tiyi."

Anatero Mayi Esinala, kenako anatembenuka. Anayang'ana mtsuko, anayang'ana ketulo, anayang'ananso mtsuko. Sukulu anailekezera panjira inde, koma kuphatikiza ankadziwa.

"Tiyi wanu alibe mlandu, mayi," anatero Loyce mofatsa. "Mumawiritsa bwino. Koma a mumtsukowa ndi a mumtsinje osaphika. Kumtunda kwake anthu amachapa matewera, ng'ombe zimamwa, zimbudzi zimakokoloka. Ndiye aliyense akamatunga amalowetsa dzanja lonse limodzi ndi kapu. Makapu a tiyi nawonso mukuwatsukuluza m'madzi omwewo."

"Koma amaoneka oyera!"

"Kachilombo ka kolera sikaoneka ndi maso."

Mayi Esinala anakhala pa benchi mwamphamvu. Chinthu chokhacho chimene ankapereka kwaulere pa moyo wawo wonse ndicho chinatsala pang'ono kupha munthu. Zinawawawa koopsa. Koma iwo si munthu wolira nthawi yaitali, misozi siphika tiyi.

"Nenani. Ndichite chiyani?"

"Musiye madzi a mumtsinje. Muzitunga pa mjigo."

"Nkhabe! Zimenezo ayi." Anadzuka, anapita kwa Sellina kukapempha madzi a pa mjigo wa pamsika, anawiritsa, anaika masamba, mkaka ndi shuga, n'kumupatsa Loyce. "Imwani. Mumalize."

Loyce anamwa kamodzi, nkhope n'kukwinyika. Tiyiyo ankakoma ngati msuzi.

"Mwaona? Mijigo ya kuno ndi ya mchere. Ndiphike tiyi ameneyu, ndiye kuti ndadzitsekera ndekha. Bukhu lanulo linalembedwa ndi anthu a kumapiri."

"Mwandigonjetsa," anatero Loyce akupukuta pakamwa. "Tiyi muziphikabe ndi a mumtsinje, bola muziwasefa ndi kansalu koyera n'kuwiritsa kwambiri. Koma makapu muzitsuka ndi sopo m'madzi a pa mjigo othira kolorini, n'kuwayanika pa thandala padzuwa. Mchere pa kapu youma sumveka."

"Imeneyo ndavomera. Kolorini mupereka ndinu."

"Tikupatsani. Akumwanso muzithira kolorini."

"Akabaza sangamwe. Amati amanunkha chipatala."

"Ndiye muziwiritsa."

"Nkhuni mundigulira ndinu? Mukudziwa mtolo uli pa zingati?"

Awiriwo anakokanakokana kwa nthawi ndithu, wina osagonja. Mayi Esinala anatuluka mokwiya kukachotsa masikono mu uvuni, ndipo monga mwa chizolowezi anatenga fosholo kuti akokolole makala otsala n'kuwazimitsa ndi madzi. Fosholo ili m'manja anaima. Makalawo anali psuu, moto weniweni, ndipo zaka khumi ndi chimodzi akhala akuutaya tsiku ndi tsiku.

"Alangizi! Tabwerani kuno."

Anakokera makalawo pakati pa mafuwa atatu, anaponyapo tinkhuni tiwiri, n'kutereka poto wamkulu wa madzi osefa. Loyce anakhala pambali maso ali pa poto. Posapita nthawi madzi anayamba kubwadamuka.

"Awa ndiye awira," anatero Loyce. "Tsopano asamalowemonso dzanja la munthu. Mupeze ndowa ya chivindikiro ndi mpopi. Ina ikhale pakhomo, yosambira m'manja ndi sopo."

"Ziwiri? Mukufuna kundimaliza mtsikana inu."

Komabe madzulo omwewo anapita pa golosale ya pamsika, n'kunenerera mtengo wa ndowa ziwirizo mpaka mwini golosale anati, "Tengani mayi, mungandidwalitse mutu." Ndowa ya madzi akumwa anaikulunga ndi chiguduli chonyowa n'kuiika podutsa mphepo, madzi n'kumazizira ndithu. Mumtsuko muja anathiramo dothi n'kubzalamo tsabola.

Sellina ankaseka. "Asisi, sopo ameneyo azingotha ndi anthu odutsa. Mwasanduka boma kodi?"

Anthu sanabwerere tsiku limodzi ayi. Anayamba ndi Loyce yemweyo, amene ankadzamwa tiyi pa benchi la panja dala, yunifolomu ili pathupi, kuti a pa depoti azimuona. Kenako a kumaofesi awiri. Kenako amayi ogulitsa mbatata. Koma akabaza ankadutsa atatembenuza nkhope, poti mkulu wawo anali asanabweze mawu ake. Ndipo popanda akabaza, theka la masikono linkatsalabe.

Mu Januwale mvula inagwa masiku asanu osakata. Shire anasefukira, midzi ya kunsi inamira, ndipo kolera inabuka. A khonsolo ndi a zaumoyo anayenda malo onse odyera pa boma, osachenjeza. Kwa Sellina anapeza ndowa ya pakhomo ili youma, kangaude atamangamo kale nyumba, sopo ali m'thumba. Anamutsekera pompo. Anatsekanso malo ena ambiri. Atafika kwa Mayi Esinala anatsegula mpopi, anaona thandala, anaona poto akubwadamuka pa makala a uvuni. Mkulu wawo anafunsa kuti nzeru imeneyi anaitenga kuti.

"M'mutu mwangamu. Kapena mumayesa muli masikono okhaokha?"

Anaseka, n'kupita osatseka. Mbali yonse ya depoti, malo omwera tiyi otsegula anatsala amodzi okha.

M'mawa mwake, mzere uli mpaka pamsewu, kunatulukira njinga yodziwika. Bambo Sebastiano anaiimika patali, anavula chipewa, n'kuyamba kuyandikira pang'onopang'ono ngati mkamwini wolakwa.

"Mama, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka. Manda aja mwabwera kudzawaona?"

Anthu pa mzere anaphulika kuseka.

"Mama, njala. Konse atseka."

"Sambani m'manja kaye. Ndi sopo, osati kumupatsa moni sopoyo."

Anasamba. Mayi Esinala anaika ketulo pansi, anapukuta manja pa chitenje, n'kuyankhula mokweza kuti aliyense amve.

"Ine ndiyamba, poti sindikonda kukhala ndi za eni. Bambo Sebastiano, chinakudwalitsani ndi mtsuko wanga. Ndinkakupatsani madzi a mumtsinje osaphika, ndikuyesa ndikukuchitirani chifundo. Ndinalakwa. Pepani, inu ndi anzanu anayi aja. Mtsukowo ndi uwo, muli tsabola. Ngongole yanga ndabweza. Tsopano yanu. Munanamizira tiyi wanga."

"Pepani mama, ndinayankhula ndi ululu."

"Osati pano. Munanditukwanira pano kodi? Ngongole imabwezedwa pamene inatengedwa."

Bambo Sebastiano anayang'ana mzere wa anthu, anayang'ana masikono akutuluka nthunzi, n'kumeza malovu. Anayenda mpaka pakati pa depoti, pomwe paja, Mayi Esinala ali pambuyo manja m'chiuno. Anakwera pa tayala lakutha n'kutsegula hutala yake ija.

"Tamverani kuno nonse! Ine Sebastiano ndinanama! Tiyi wa Mayi Esinala alibe mlandu! Amene akufuna kukhala ndi moyo chaka chino akamwe madzi ndi tiyi kwa Mayi Esinala!"

Mayi Esinala anati, "Sanamve a minibasi ya ku Bangula. Injini ikulira."

Anabwerezanso, mitsempha ya pakhosi ili tototo. Makondakitala anaimba malikhweru, akabaza analiza mabelu a njinga, ndipo onse anakhamukira ku tiyirumu. Tsiku limenelo uvuni anauyatsa katatu, ndipo makala ake anawiritsa mapoto atatu.

Chakumasana Sellina anabwera mwamanyazi kudzafunsa kuti ndowa za mpopi amagula kuti. Mayi Esinala anamuuza malo ake ndi mtengo wake weniweni. "Akakuuza woposa pamenepo, unene kuti wakutuma Esinala. Ndipo sopo azigona pa ndowa, osati m'thumba."

Bambo Sebastiano anamwa makapu anayi a madzi a pa mpopi monga kale, kenako anakhala pa benchi n'kulandira tiyi wake ndi masikono awiri.

"Takhuta, mama, zikomo kwambiri. Ndiye poti tagwirizana, ameneyu ndi waulere eti?"

"Madzi ndi aulere. Dzina mwabweza, ngongole yatha. Tiyi ndi masikono, lipirani."

Analipira.

Phunziro: Madzi ooneka oyera ndi ozizira si ndiye kuti ndi abwino. Pa malo odyera, madzi akumwa aziwiritsidwa kapena kuthiridwa kolorini n'kusungidwa mosalowa dzanja, ziwiya zizitsukidwa ndi sopo, ndipo ukhondo uzikhala wa tsiku ndi tsiku, osati wa tsiku lobwera a zaumoyo lokha. Ukalakwa vomera n'kukonza, dzina lako lidzabwerera lokha pakhomo.