Modemu Imene Siaki Anataya

Bambo Pelenato atamwalira m'tauni ya Logan, kutali ndi kwawo, chimene chinasautsa banja kwambiri sichinali chakudya cha anamfedwa kapena mipando yobwereka ku tchalitchi. Anali agogo Penina, mayi ake a malemuwo, amene anali kumudzi ku Samoa, pa chilumba cha Savai'i. Madokotala anali atawaletsa kukwera ndege. Pa foni gogoyo anapempha chinthu chimodzi chokha: aone nkhope ya mwana wawo pa kanema wa pafoni bokosi lisanatsekedwe Loweruka masana.

Amene analumpha kulonjeza anali Siaki, mwana wa mlongo wa malemuwo. Bambo Pelenato ndiwo anakamutenga ku Samoa ali wamng'ono, n'kumulera ngati wobala okha mpaka anapeza ntchito yoyendetsa makina onyamula katundu. Siaki anali wamtima wabwino koma waphuma, ndipo sankafuna kuti munthu amuuze kawiri chinthu chimene iye ankaganiza kuti akuchidziwa. Anauza mayi Sieni, mkazi wa malemuwo, kuti za agogo azisiye m'manja mwake.

Vuto linalipo ndithu. Nyumbayo inali pachidikha, moti netiweki ya foni inkangogwira kumsewu, pageti. Ukalowa m'galaja ya malata kuseri, momwe anakonza zogoneka thupi, foni inkasanduka galasi lodziyang'anira. Intaneti ya m'nyumba ndiyo inkafika kumeneko, koma inali yachikale, yodukaduka. Choncho Siaki anaimbira kampani yawo ya intaneti n'kupempha yothamanga kwambiri. Lachitatu m'mawa katoni inafika, muli chipangizo choyera chonyezimira, mawaya, ndi kapepala ka zilembo zing'onozing'ono ngati nyerere. Tinene zoona, makampani amenewa amalemba ngati safuna kuti wina awerenge. Komabe kapepalako kanali momwemo, ndipo Siaki anali ndi maso.

Kuseri kwa wailesi ya kanema kunali zipangizo ziwiri zakale: modemu yakuda yolumikizidwa ku waya wochokera m'khoma, ndi china chotuwa chimene chinkamwaza intaneti m'nyumba. Siaki anajambula zonse n'kutumizira Kurt, mnzake wa kuntchito, amene ankadziwika kuti salephera kuyankha funso ngakhale la chinthu chimene sanachionepo.

“Aise, zinyalala zimenezo ukusungiranji?” anatero Kurt pa foni. “Chatsopanocho chimagwira zonse chokha. Zula zonse ziwiri.”

Siaki anafunsa za waya wa m'khoma, poti chipangizo chatsopano chinalibe bowo loti wayayo n'kulowamo.

“Waya ndi wa nthawi ya agogo ako. Za masiku ano zimakoka m'mwamba. Ungochipatsa tsiku limodzi kuti akuyatsire kuofesi. Kapena ukufuna ndibwere ndidzakugwire dzanja?”

Siaki anaseka, n'kuzula. Sabata imeneyo inali yoti anthu a m'dera lawo atulutse katundu wakutha kumsewu kuti a khonsolo adzatole, ndipo pageti panali kale mulu wa mipando yothyoka ndi matiresi amene anachotsa m'galaja. Anaponya zipangizo ziwiri zija pamwamba pa muluwo. Aliyense amadziwa mmene zimakhalira sabata yotere: galimoto za otola zitsulo ndi zamagetsi zimazungulira misewu pang'onopang'ono, ndipo chimene chili ndi waya sichiona dzuwa likulowa.

Lachinayi intaneti inali isanayake. Ana a alendo anayamba kudandaula. Siaki anatuluka kupita pageti n'kuimbira kampani, atakwiya kale. Anayankha ndi mtsikana wa mawu ofatsa, ndipo asanamalize n'komwe moni, Siaki anamukhuthulira zonse: kuti ndi akuba, kuti amadyera anthu akuda masuku pamutu, kuti pakhomo pali maliro ndipo iwo alibe umunthu. Mtsikanayo anapepesa za malirowo, kenako anafunsa kuti pa modemu yakuda pakuyaka timagetsi tingati.

“Yakuda iti? Ndinachotsa. Si mwanditumizira yatsopano?”

Mtsikanayo anafotokoza mosathamanga. Chimene anatumiza chinali cholowa m'malo mwa chipangizo chotuwa chokha. Modemu yakuda ndiyo imalandira intaneti kuchokera ku waya wa m'khoma, inalembetsedwa pa nyumba imeneyo, ndipo sichotsedwa ngakhale munthu akusamuka. Anati zimenezi zinalembedwa pa kapepala ka m'katoni. Ngati yatayika, mmisiri akanabwera ndi ina, koma mpata unalipo sabata yamawa.

Siaki anacheuka kuyang'ana mulu uja. Panatsala matiresi ndi miyendo ya mipando basi.

Munthu wanzeru akanapepesa pomwepo. Siaki anamutukwana mtsikanayo, munthu amene analibe mlandu uliwonse kupatula kunena zoona, n'kudula foni. Atalowa m'nyumba anauza mayi Sieni kuti kampani yalakwitsa zinthu kumbali yawo koma yalonjeza kukonza Loweruka lisanafike. Mayiwo, maso ali otupa ndi kulira, anamusisita paphewa n'kunena kuti amalume ake akanamunyadira.

Mawu amenewo anamuwotcha kuposa khofi. Lachisanu lonse anayendayenda ndi galimoto m'misewu yoyandikana nayo, kusuzumira m'miyulu ya anthu ena ngati wotola zinyalala. Anapita kwa ogula zitsulo zakutha, anamuseka. Anaimbira Kurt, amene anangoti iye si mmisiri ndipo anangopereka maganizo. Pobwerera kunyumba anapeza azimayi akuyala mikeka yamwambo m'galaja, azibambo akukonza nkhumba yowotcha kuseri, ndipo bodza lake linali litakula kale miyendo. Wina ankati kampaniyo aisumire, wina ankati onse a mumpingo aisiye. Siaki ankangovomera ndi mutu. Chakudya chinamukanika, anthu n'kumati ndi chisoni.

Loweruka m'mawa thupi linali m'galaja, a kwaya atazungulira bokosi. Pakati pawo panali mayi Fuatino, mphunzitsi wa makompyuta pa sekondale ya m'deralo, amene anaphunzitsapo Siaki ndipo ankamudziwa mpaka mayendedwe. Atamva anthu akutukwana kampani, analowa pabalaza n'kusuzumira kuseri kwa wailesi ya kanema. Anapeza waya wa m'khoma uli lende, wopanda cholumikizako. Anamukodola Siaki n'kupita naye pambali pa nyumba, pamene panali zingwe zoyanikira zovala.

“Siaki, modemu yakuda ili kuti?”

Iye anayamba kufotokoza za kampani, za anthu a pa foni osadziwa ntchito.

“Ndakufunsa za modemu, mwana iwe. Za kampani ndamva kale kwa mpingo wonse.”

Siaki anayang'ana pansi. Kenako ananena zonse.

Mayi Fuatino sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anamuuza kuti kusokoneza zipangizo ziwirizo si chachilendo, anthu ambiri amatero, ngakhale aphunzitsi anzawo. Anati Siaki akanalankhula Lachinayi, iwo akanakoka waya wautali kuchokera kwa aneba, kapena akanabwereka chipangizo china kusukulu, kapenanso akanauza abusa kuti mwambo wotsanzikana ukachitikire ku holo ya tchalitchi. Njira zinalipo zambiri, ndipo iye anazitseka zonse ndi pakamwa pake. Tsopano aneba anali atapita kuntchito, sukulu inali yotseka, ndipo galimoto ya maliro inali itaima kale kumsewu.

“Kuzula modemu n'kulakwitsa chabe,” anatero. “Koma kusiya gogo uja atavala zoyera, atakhala kutsogolo kwa foni kuyambira m'mawa, iwe ukudziwa kuti palibe chimene aone, kumeneko ndiye kuipa mtima. Ndipo sindiwe woipa mtima. Ndiwe wamanyazi chabe.”

Siaki anafunsa ngati mayiwo sangakauze akuluakulu m'malo mwake. Anakana. Anati njira imodzi yatsala, yoti thupi lipite kumene kuli netiweki, koma ameneyo ndi mlandu wa banja, ndipo woyenera kukaupempha ndi amene anaupalamula.

Kulowa m'galaja muja kunali ngati kuyenda m'madzi ofika m'chiuno. Nyimbo inali itangotha. Bambo Leota, mkulu wa banja, anali atakhala kumutu kwa bokosi, ndipo pamaso pa munthu wotere sulankhula chiimirire. Siaki anakhala pansi pa mkeka, miyendo atapinda, anthu onse akumuyang'ana. Ananena kuti kampani ilibe mlandu. Ananena kuti modemu anataya yekha, kuti anadziwa kuyambira Lachinayi, ndiponso kuti ananamiza mayi amene anamulera. Kenako anapempha kuti bokosi litulutsidwe lipite pageti.

Mwana wina anaseka, mayi ake n'kumutsina. Kumbuyo kunamveka mawu a bambo wina akuti thupi la munthu wolemekezeka silingakayalidwe kumsewu ngati katundu wamalonda, azungu odutsa akuonerera. Ena anavomereza. Siaki anafuna kuti simenti ing'ambike alowemo.

Bambo Leota anatembenukira kwa mkazi wamasiye n'kufunsa maganizo ake. Mayi Sieni sanamuyang'ane Siaki ngakhale pang'ono.

“Ine ndakhala naye usiku wonse mwamuna wanga,” anatero. “Amene anamubala sanamuone. Nyamulani.”

Anyamata asanu ndi mmodzi ananyamula bokosi, Siaki ali mmodzi mwa iwo, misozi ndi thukuta zikusakanikirana. Azimayi anatsogola ndi mikeka n'kuiyala pa kapinga wa kutsogolo. Okalamba oyenda ndi ndodo anatsatira padzuwa lija, atsikana akuwafunditsa maambulera, ndipo aliyense wa iwo ankadziwa chimene akuvutikira. Pafupi pomwepo panali mulu uja wa matiresi ndi mipando yothyoka, a khonsolo asanautole, ndipo wina anauphimba mofulumira ndi nsalu ya patebulo. Galimoto zodutsa zinkachepetsa liwiro. Bambo wina amene ankayenda ndi galu wake anaima tsidya la msewu n'kuvula chipewa.

Mayi Fuatino anaimba ku Savai'i. Foni italumikizana, sanaigwire okha. Anaiika m'manja mwa Siaki.

Pa galasi panaoneka agogo Penina, atavala zoyera ndi chisoti cha kutchalitchi, achibale atawazungulira. Siaki anagwira foni ndi manja onse awiri. Anaitsitsa pang'onopang'ono kufikira nkhope ya malemuwo itadzaza galasi lonse.

Gogoyo anayang'anitsitsa nkhopeyo. Kenako anayamba kulankhula ndi mwana wawo ngati akumudzutsa kuti apite kusukulu. Anamufunsa chifukwa chake anachita imvi asanawauze. Anamuuza kuti mtengo umene anabzala kuseri kwa nyumba wabereka chaka chino. Anamuuza kuti atsogole, iwo sachedwa. A kwaya anayamba kuimba motsitsa, ndipo ngakhale bambo uja amene ankakana anali akupukuta maso ndi mkono wa malaya.

Atamaliza, gogoyo anafunsa kuti wagwira foni ndani. Siaki anaitembenuza.

“Ndine, agogo. Ndine ndinawononga zinthu. Akanagona m'nyumba mwaulemu, koma chifukwa cha ine ali panja.”

Gogoyo anasendera pafupi ndi galasi n'kumuyang'anitsitsa.

“Ndamuona bwino, padzuwa. Za mlandu wako ukambirana ndi mayi ako Sieni, ndipo usawanamizenso. Tsopano bweza foniyo kwa mwana wanga, asanatseke.”

Siaki anaibweza, n'kuigwira chomwecho mpaka chivindikiro chinatsika.

Phunziro: Kampani ikakutumizirani chipangizo chatsopano cha intaneti, musazule kapena kutaya chakale musanawerenge malangizo ndi kufunsa eni ake kuti chikulowa m'malo mwa chiti, poti mnzanu wolankhula molimba mtima si mmisiri. Musasinthe zipangizo pafupi ndi tsiku limene mukuzidalira. Musatukwane wokuyankhani pa foni chifukwa wakuuzani zimene simukufuna kumva. Ndipo mukalakwitsa, nenani njira zothandizira zisanatsekeke, poti wobisa matenda maliro amamuulula.