Mpunga wa M'khola la Nkhumba

Cornélio sankataya chakudya. Zimenezi ankazidziwa aliyense ku Ntengo-Wambalame, kuyambira aganyu omukumbira mbatata ya kachewere mpaka azimayi ophika pamaliro. Akamaliza mbale yake ankakokera pafupi ya mkazi wake Amália, kenako za ana, pomaliza n'kukapala nkhoko za mumphika. Anthu ankanena moseka kuti galu wa kwa Cornélio ndiye mmphawi wa agalu onse a m'Tsangano. Mwiniwake sankaseka nawo. Ankadya atakhuta kale, thukuta lili kamukamu, mpweya ukuchita kubanika, mpaka mbale itayera mbee, ndipo akatero ankatsamira khoma n'kupumira m'mwamba ngati munthu amene watula katundu wa eni.

Zinayamba nthawi ya nkhondo, iye ali kamwana kongoyamba kuguluka mano. Anthu a mfuti anafika m'mudzi mwawo m'mawa, anatentha nkhokwe zonse, ndipo mnansi wawo anamubaya pakhomo pake ana ake akuona. Banja lawo linathawira kuthengo molunjika ku Malawi. Mayi ake anangokwanitsa kutola kamphika ka nyemba zophika, n'kumusenzetsa iye, poti iwo anali atabereka mlongo wake Alda yemwe ankadwala. Powoloka mtsinje anaterereka pamwala, mphika unasweka, nyemba zinapita ndi madzi. Bambo ake anamumenya pomwepo ndi mpini wa khasu, dzanja lina atamutseka nalo pakamwa kuti kulira kwake kusamveke kutali. Alda anamwalira asanafike kumalire, ndipo anamukwirira patsinde pa mtengo wa msuku. Bambo ake, akusasa dothi m'manja, anamuyang'ana n'kunena kuti akanagwira bwino mphika uja, bwenzi mwanayo ali moyo.

Ku kampu ya othawa nkhondo ankakhalira kutola njere za chimanga zogwa pansi pamzere wolandirira chakudya. Mtendere utabwera anabwerera kwawo, nthaka inamukomera, mbatata yake inkanyamulidwa ndi malole, njala inaiwalika pakhomo pake. Koma njere ya mpunga ikagwa pamkeka, mtima wake unkagunda ngati wamvanso mfuti. Ana ake anakula akudziwa lamulo: chimene wapatsidwa umalize, ukasiya ulawa lamba. Pilirani, mwana wake woyamba, mtsikana wowonda amene sankadya kwambiri chibadwire, ndiye analawa lambayo kuposa onse. Anafika pophunzira kubisa zotsala m'chitenje n'kukaziponya m'chimbudzi.

Chaka china, dzuwa la Outubro, mwezi wotentha mvula isanagwe, lili pamutu, anapita banja lonse ku Chidzolomondo, kwawo kwa Amália, kukamanga chiliza cha apongozi ake a Cornélio. Felisberto, mchimwene wake wa Amália, anali atagulitsa bwino fodya ndipo anafuna kuti mayi ake akumbukiridwe mwaulemu. Anapha mbuzi ndi nkhumba, anagula thumba lathunthu la mpunga. Mwatsoka m'mudzi woyandikana nawo munagwa maliro, anthu ambiri anapita kumeneko, chakudya chinatsala chankhaninkhani. Cornélio anadya mpaka kumasula batani la buluku, anadyanso, koma m'chimphika chachikulu munatsalabe mpunga wothira msuzi wa nyama. Anauza azimayi kuti auvundikire bwino, udzadyedwa mawa.

M'mawa mwake mpungawo unali utachita thovu, ukununkha chowawasa, ukunanda ngati therere. Amália anaununkhiza n'kutembenuza nkhope. Anauza Pilirani kuti authire m'beseni akapatse nkhumba msanga, bambo ake asanabwere kumtsinje komwe anakasamba.

Cornélio anatulukira kuseri kwa chigafa cha fodya pomwe mtsikanayo ankapendeketsa beseni pamwamba pa mpanda wa khola. Anaona mpunga woyera ukukhuthukira m'matope, nkhumba zikuupondaponda. M'makutu mwake munalira chinthu. Sanafunse kanthu. Anasolola ndodo yoyanikira fodya n'kumukwapula nayo Pilirani pamsana, pakhosi, m'miyendo, mpaka ndodoyo inathyoka. Mtsikanayo anagwa, akuyesa kunena kuti atumidwa ndi amayi, koma mawu sankatuluka bwino. Cornélio anatola chikuni chomwe chinali pafupi. Pilirani anatchinga kumutu ndi mkono, chikuni chinatera pamkonopo, ndipo aliyense amene anali pabwalo anamva fupa likulira thyo.

Amália anabwera akuthamanga ndi munsi, anamumenya nawo mwamuna wake pamsana ndi mphamvu zake zonse. Iye anangomukankha, mayiyo n'kukagwera pamtondo, pakamwa pakutuluka magazi. Cornélio sanamuyang'ane n'komwe. Anadumpha mpanda n'kulowa m'khola, akuthibula nkhumba ndi mateche kuti zichoke pampungawo. Nkhumba yaikazi yomwe inali ndi ana inamuluma pakatumba n'kung'amba mnofu, koma iye anagwada m'matopemo, akuwola mpunga ndi manja onse awiri, wosakanikirana ndi ndowe ndi magazi ake omwe, n'kumaukankhira m'kamwa. Azimayi ophika anaima chilili, ena atagwira pakamwa. Ana anathawira kuseri kwa nyumba.

Felisberto anamva kulira ali kudimba. Atafika n'kuona mkono wa mwana wa mlongo wake uli lendelende, analowa m'kholamo, anamugwira Cornélio pakolala n'kumukokera kunja ngati thumba. Anamukhoma zibakera kumaso, m'nthiti, pamimba paja, osapumira. Cornélio sanabwezere. Dzino lake lina linagwera m'fumbi pamodzi ndi mpunga womwe anali asanameze. Amuna a m'mudzimo anachita kumukanganula Felisberto atayamba kufunafuna chikwanje.

Pilirani anamukweza pa mota, njinga yamoto, malume ake akuyendetsa, mayi ake atamugwirira kumbuyo, ulendo wa ku chipatala cha ku Furancungo. Cornélio anatsala atakhala pansi pafupi ndi khola, palibe amene anamupatsa ngakhale madzi osukusula. Dzuwa litapendeka anayamba kusanza, kenako kutsegula m'mimba, mwendo wolumidwa uja ukutupa. Anthu ankangomulambalala. Pomaliza mnansi wina dzina lake Quintino anati munthu asafere pakhomo pa eni, n'kumumangirira kumsana kwake ndi chitenje, n'kumuthamangitsira pa mota yake ku Furancungo komweko.

Cornélio anagona masiku angapo soro, dilipi ya madzi, ili pamkono, osadziwa bwino kumene ali. Namwino amene anamusoka mwendo anamuuza kuti kuthamanga kwa magazi ake n'koopsa, shuga nayenso wakwera, ndipo akapitiriza kudya momwe amadyeramo sadzaona zidzukulu. Cornélio anangogwedeza mutu. Mawu otere anali atawamvapo kale, ndipo sankalowa. Chomwe ankafuna kudziwa n'chakuti mwana wake ali kuti, koma anachita manyazi kufunsa.

Tsiku lomwe anatha kuimirira anatuluka akutsimphina, atagwira khoma. Kuseri kwa chipatala, pansi pa mtengo wa mango pomwe odikirira odwala amaphikira, anawaona. Pilirani anakhala pamkeka, mkono uli m'jeso, chikhakha choyera cha kuchipatala, kuyambira m'chigongono mpaka kuzala, khosi lili ndi mikwingwirima yakuda. Pambali pake panali mbale ya mpunga ndi nyemba yomwe anali atangoilawa n'kuikankhira uko, poti mankhwala ankamuchititsa nseru. Amália anali atatembenuka, akutsuka poto.

Mtsikanayo anadzutsa maso n'kuona bambo ake. Nthawi yomweyo anakokera mbale ija pamiyendo ndi dzanja lamanzere n'kuyamba kudya mothamanga, osatafuna, masaya atatupa, misozi ikutsika. Anatsamwa, anasanza pamkeka, anapukuta pakamwa ndi phewa n'kutapanso mpunga wina. Njere zomwe zinagwa pansi anayamba kuzitola imodziimodzi.

“Ndimaliza, ababa. Onani, ndikumaliza.”

Cornélio anaima pomwepo, mwendo ukumuwawa. Sanaonepo munthu akudya chonchi, komabe kadyedweko ankakadziwa kuchokera m'kati: kumeza kosamva kukoma, maso ali pa munthu amene angakumenye. Anayandikira. Pilirani anabisa mkono wa jeso kumbuyo n'kutsinzina. Amália anatembenuka atagwira poto m'manja, wokonzeka kumuphwanya nayo mutu.

Cornélio anawerama n'kutenga mbale ija. Anayenda nayo pang'onopang'ono mpaka kudzala lomwe linali kumapeto kwa mpanda. Anaima pamenepo nthawi yaitali. Mpungawo unali wabwinobwino, wofunda, nyemba zake zothira tomato. Malovu anadzaza m'kamwa, manja ankafuna kupita kukamwa okha, ndipo m'mutu mwake munkamveka kuti akangotaya, wina afa. Anatembenuza mbale. Anagwira mpanda. Anadikira. Kunangobwera nkhuku ziwiri za wina wapafupi n'kuyamba kujompha.

Anabwerera n'kuika mbale yopanda kanthu pamkeka.

“Ukakhuta uzisiya, mwana wanga,” anatero.

Pilirani anali akuyang'anabe manja a bambo ake.

Atatuluka onse m'chipatala, ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi ku Chidzolomondo. Felisberto ankafuna nkhaniyo ipite kupolisi. Ankhoswe a Cornélio anapempha kuti amumvere chisoni, munthuyu nkhondo inamuwononga ali mwana, ndipo anayamba kufotokoza za mphika wa nyemba. Felisberto anawadula pakamwa, maso ali pa Cornélio.

“Tonse tinathawa nkhondo imeneyo, alamu. Ine ndinadya mizu ya nthochi, ndinaika abale anga awiri m'thengo. Ndathyola mkono wa ndani?”

Kenako Amália, mlomo usanapole bwino, ananena zomwe apongozi ake aakazi anamuuza asanamwalire: Alda anali ndi chikuku, ndipo pofika pamtsinje paja anali atasiya kale kumeza ngakhale madzi. Anati zimenezi anamuuzapo mwamuna wake kangapo konse, koma iye ankangodzuka n'kutuluka panja. Ulendo uno Cornélio sanadzuke. Anakhala atazolika, dzanja lili pachipumi. Amália anakana zakupolisi, koma anati iye ndi ana atsala kwawo, ndipo za kubwerera adzaona yekha.

Cornélio anabwerera ku Ntengo-Wambalame yekha. Tsiku loyamba anaphika monga ankaonera mkazi wake akuphikira banja lonse, ndipo anadya zonse, n'kugona pansi akubuula, akudzimenya zibakera pamimba. Anatero kangapo. Kenako anakatenga kapoto kakang'ono komwe Amália ankawiritsira tiyi, n'kumaphikira momwemo. Mapoto aakulu anawakweza kudenga. Chikatsala chakudya ankachinyamula nthawi yomweyo, asanayambe kuganiza, n'kukapatsa aganyu kumunda, ndipo chikawonongeka ankakachikwirira kudimba kuti chisanduke manyowa. Pokwirirapo thukuta linkamutuluka ngati walima ndime yonse. Pamaliro ena a m'mudzimo anapezeka wayambanso kusonkhanitsa mbale za anzake, ndipo anazindikira ali pa yachitatu. Anaisiya theka, anasamba m'manja n'kupita kwawo mwambo usanathe, anthu akumuyang'ana modabwa.

Mvula inagwa, anabzala yekha. Nthawi yopalira Amália anatsika pa shapa, minibasi yonyamula anthu, ndi ana aang'ono, atasenza mtolo wa zovala. Anapeza mwamuna wake buluku atamanga ndi chingwe, nkhope itaphwa, akuyenda mokoka mwendo. Sanamuyamikire. Anangomuuza kuti kuyambira tsopano wogawa chakudya ndi iyeyo Amália, ndipo tsiku lomwe adzatukule dzanja pa mwana, adzamuona komaliza. Cornélio anavomera. Ana ankadya akumuba ndi maso, ndipo zinatenga miyezi kuti wamng'ono asiye chakudya m'mbale bambo ake ali pomwepo. Iye anachiona, anadzuka n'kupita kukanola khasu.

Pilirani sanabwere. Malume ake anamupezera malo kwa msuweni wawo ku Furancungo kuti apitirize sukulu kumeneko. Mkono unapola mokhota pang'ono, moti ndowa yodzaza sankatha kuitukula yekha kuika pamutu.

Atakumba mbatata, Cornélio anasankha zikuluzikulu n'kudzaza thumba, n'kukwera nalo shapa mpaka ku Furancungo. Anamupeza mtsikanayo akuchapa yunifomu pakhonde. Pilirani anapukuta m'manja, anagwada patali n'kumupatsa moni monga amachitira ndi mlendo wamkulu aliyense. Anafunsa za msewu, za amayi ake, za azing'ono ake. Cornélio anayankha zonse, n'kufunsa za mayeso. Za mkono sanathe kufunsa, ngakhale maso ake ankangobwerera pomwepo. Atatsanzika, mtsikanayo analowa m'nyumba, ndipo iye anayesa kuti basi zatha. Koma atafika pamsewu anamva mapazi. Pilirani anali atavala nsapato, ndipo anamuperekeza mpaka pamsika pokwerera shapa, akuyenda kumbuyo kwake, chapatali pang'ono.