Macheka Ogula Pafoni

Pilato, kalipentala wa pa Chonde, adali ndi luso, koma makutu ankangonyamulira pensulo. Amisiri anzake adamuchenjeza kuti chida chogwirapo kale ntchito umayamba wafunsa mwini wake, pakuti zida za malemu sizigwiridwa achibale asadazigawe mwamwambo. Iye adangoseka, naitanitsa pafoni macheka amagetsi kuchokera kumsika wa pa intaneti wa kutsidya la nyanja. Wogulitsayo adangolemba kuti mwini wake sakuwafunanso. Pilato sadafunse chifukwa. Paja safunsa adadya phula.

Machekawo atafika, ngakhale ansanje adavomereza kuti ndi chida. Thabwa la bulugamu ankalidula ngati chinangwa. Adali ndi tebulo lake, komanso kachitsulo koyenda kamene umakamanga pamene ukufuna kuti thabwa lithere. Chogwirira chake chokha ndicho chinkamusowetsa mtendere Pilato: chidali chodyeka ndi zala za munthu wina, ndipo chinkakhala chofunda ngakhale m'mawa wa chiperoni, nkhungu itaphimba phiri lonse.

Tsiku lina akudula matabwa a chitseko, adapeza onse atuluka aafupi. Kachitsulo kaja kadali katasuntha, chonsecho adakamanga yekha ndi sipanala. Adatukwana, nawaimika kukhoma. Dzuwa lisadapendeke, kudabwera azibambo awiri a kuesiteti ya tiyi, nkhope zili khuma, atanyamula bango. Kwathu kuno maliro timawayeza ndi bango, ndipo bangolo ndi limene limapita kwa wokhoma bokosi. Pilato adaliika pambali pa matabwa aja. Lidalingana nawo ndendende.

Zidachitikanso, kenaka zidachitikanso. Kachitsulo kakasuntha, bango linkafika tsiku lomwelo. Anamfedwa ankamuyamika kuti sachedwetsa maliro, mpaka adasiya zitseko n'kumangokhoma mabokosi. Mantha adali nawo, koma tinene zoona, ntchito ikamayenda mantha amachepa. Ankadziuza kuti machekawo sapha munthu, amangodziwiratu.

Lachinayi lina kachitsulo kadasuntha iye akuona, pang'onopang'ono, popanda dzanja lokakankha. Adadula matabwa monga adazolowera, nawaimika kukhoma, n'kukhala pabenchi kudikira. Maminibasi a ku Limbe ankadutsa, koma wa bango sadaoneke.

Amene adalowa ndi mkazi wake Margret, atanyamula chakudya m'kontena, kamwana kawo Tamanda kamene kadali katangoyamba kuyenda katagwira nsonga ya chitenje. Margret adatula kontena, natsamira khoma pambali pa matabwa aja kuti apume. Mutu wake udathera pomwe matabwawo adathera.

Pilato adadzambatuka pabenchi. Mkaziyu adamukwatira alibe ngakhale hamala yakeyake, ndipo ankamukonda koposa mmene ankaonetsera.

"Mayi a Tamanda, tachokani pamenepo," adatero.

"Ii, nanga ndalakwanji? Matabwawa aluma?"

"Mukumva bwanji m'thupi?"

"Kamutu chabe, kuyambira m'mawa. Inu bambo a Tamanda, mwatani kodi? Mukundiyang'ana ngati mwaona njoka."

Pilato adatembenukira kumatabwa aja. Nzeru imene idamubwerera idali imodzi: muyesowo awuononge. Matabwa akapanda kulingana ndi munthu, bokosi lichokera kuti? Macheka amagetsi aja sadafune kuwakhudzanso. Adatenga sowo yake yakale yamanja, nagoneka thabwa limodzi pabenchi, n'kuyamba kulicheka pakati osayeza n'komwe, thukuta lili kamukamu.

"Thabwa labwinobwino mukuliononga chifukwa chiyani?" adafunsa Margret.

Chidutswa chidagwa, n'kuima chotsamira mwendo wa benchi. Pilato adapuma mozama, mtima ukuyamba kutsika. Adatenga thabwa lachiwiri.

Pamenepo Tamanda adasiya chitenje cha amayi ake. Adayenda dzandidzandi pautuchi mpaka pachidutswa chija, naima nacho phewa ndi phewa, akumwetulira atate ake. Kamutu kake kadathera pomwe chidutswacho chidathera.

"Taonani, akudziyeza," adaseka Margret. "Ndipo mutu uja wasiya, mwadziwa? Wangosiya pompano."

Pilato adayang'ana mwana, nayang'ana mkazi wake. Thabwa lachiwiri lidali likadali lathunthu pabenchi, sowo itangolowa mano pang'ono, ndipo dzanja lake lidakana kupita kutsogolo kapena kubwerera.