Mayi Wosatchulidwa Dzina pa Chithunzi cha Kalonga Ottmar

Lorna Fiskani, Mmalawi wogwira ntchito mumzinda wina wa kudziko lina, anapita kuchionetsero cha ku Runda, dera la anthu olemera mumzindamo, chifukwa abwana ake a kubungwe la ku Upper Hill anamutuma. Chinali chionetsero cha moyo wa Kalonga Ottmar, mwana wa mfumu yaikulu ya ku Ulaya, amene anadzasaka njovu ku Africa m'zaka za m'ma 1800. Anachikonza ndi mayi Helene, chidzukulu cha kalongayo, m'nyumba yawo momwe.

Pakhoma panali zithunzi za kalonga ali wakhanda, za ukwati wake, za ana ake ovala zoyera. Lorna ankangodutsa mpaka anafika pa china chapakona. Kalonga anakhala pampando, mfuti pamiyendo. Pambali panaima mayi wachikuda atanyamula mwana woyererako. M'munsi analemba kuti: kalonga ndi wantchito wake, ku Shire.

Chithunzi chomwecho chimapachikidwa pabalaza pa bambo ake a Lorna ku Chikwawa. Mayiyo anali Nachisale, kholo lawo. Mwamunayo abale ankangomutcha mzungu wa njovu, amene anakhala ndi Nachisale, n'kumusiya ndi mwana osatsanzika.

Lorna anapita pomwe panaima mayi Helene.

"Mayi uyu si wantchito. Dzina lake ndi Nachisale, ndipo mwanayo ndi wa kalonga wanuyu. Ine ndine wa magazi amenewo."

Mayi Helene anamwetulira ngati akunyengerera mwana. "Nkhani zotere timazimva kawirikawiri. Kalonga anali ndi ana anayi, onse odziwika."

"Odziwika kwa ndani? Galu wake mwamutchula dzina apo. Hatchi yakenso. Mayi amene anamuberekera mwana ndiye alibe dzina?"

Alendo anasiya kucheza. Mlonda anabwera n'kumuperekeza Lorna kugeti.

Mawa lake abwana ake, a Medson, Mmalawi mnzake, anamuitana.

"Achemwali, anthu aja amathandiza bungwe lathu. Mukapepese."

"Ndikapepese chiyani, bambo? Kuti agogo anga anabadwa?"

"Mukanalankhula pambali."

"Banja lathu lakhala likulankhulira pambali kuyambira kalekale."

Sanapepese. Anaimbira mchimwene wake Thumbiko kuti ajambule chithunzi cha kunyumba n'kumutumizira pafoni. Loweruka anakwera matatu, minibasi ya kumeneko, kuchokera komwe ankakhala ku South B kubwerera ku Runda, kuti akaonetse mayi Helene chithunzicho. Anamulola kulowa, koma pakona paja panali msomali wokha. Mayi Helene anati chithunzicho achichotsa pofuna kupewa mikangano, ndipo anakana kuyang'ana foniyo.

Lorna anatuluka osatsanzika. Lolemba anapeza kuti ntchito yokumana ndi othandiza bungwe aipereka kwa wina, iye amusamutsira kuchipinda chosungira mafayilo. Anaimbiranso Thumbiko.

"Uwauze adadi kuti mzungu uja dzina lake ndi Ottmar. Auze abale onse."