Chuma cha ku Mafupa

Chimene chinatsala pang'ono kundiphera ukwati si mkazi wina ayi, koma pakamwa pangapa.

Ine ndine Tawina. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma boma linanditaya ku Rumphi kuti ndiziphunzitsa pa sekondale ina. Kumeneko ndinakumana ndi Fiskani, wogwira ntchito ku Chelinda, pamwamba pa Nyika, kumene foni imagwira ikafuna yokha. Ankhoswe anali atakumana kale, ndipo Lamulungu la sabata imeneyo ukwati wathu umayenera kulengezedwa m'tchalitchi cha kwawo ku Njakwa.

Tsono ine ndili ndi kachizolowezi kanga. Pali masewera ena a dzina loluma lilime, jiyokashing'i. Munthu amabisa kabotolo patchire n'kulemba pa intaneti malo ake, ndiye ena mumatsata muvi wa pafoni mpaka mutakapeza. Mukatengamo kanthu, mumasiyamo kanthu. Ife a kagulu koyenda m'mapiri timangoti kusaka chuma. Ndipo njira ya m'mapiri a ku Chiweta, kumene m'miyala muli mafupa a nyama zimene zinatha kalekale, timangoti ku mafupa.

Tsiku lina ndili pakhonde pa makolo a Fiskani, ndinaimbira Overton, mtsogoleri wa kagulu kathuko, ndi mawu anga a m'kalasi osadziwa kunong'ona. Ndinati, "Loweruka tilawire ku mafupa. Chuma chimenecho ndichipeze ukwati usanalengezedwe." Osadziwa kuti kuseri kwa zenera kunali Temwa, mlongo wake wa Fiskani, akusita zovala khutu lili tcheru.

Lachisanu masana mayi ake a Fiskani anatulukira kusukulu. Amama NyaHarawa ndi namwino wopuma, mkulu wa mpingo, mayi woti akakuyang'ana umayamba kukumbukira machimo a chaka chatha. Mpando anaukana.

"Tawina, ine sindidziwa kuzungulira," anatero. "Ndamva kuti ukupita ku mafupa kukasaka chuma. Ndi zoona kapena yayi?"

"Ndi zoona, Amama, koma..."

"Chiuta wane!"

Ndinayamba kufotokoza, koma ndinkangodziwonjezera mlandu. Kabotolo. Kobisidwa patchire. Wobisayo sitimudziwa. Utengemo, usiyemo. Ndinadzimva ndekha kuti ndikufotokoza nsupa ya sing'anga.

"Ine ndakalambira m'chipatala," anandidula. "Zimene anthu amachita pofuna kukhwima ndaziona chomene. Mwana wane sindingamupereke kwa munthu woyenda ku mafupa. Mawa tipita awiriwiri, anzakowo uwauze asabwere. Ndikapanda kuwaona masewerawo ndi maso angawa, Lamulungu ndiimirira ndekha m'tchalitchi kuukana ukwatiwu."

Ndinakwiya, sindibisa. Munthu wa m'kwaya ngati ine kundiyesa wokhwima? Koma mkwiyo sunachedwe, unasiyira malo mantha. Kabotoloko ine ndinali ndisanakaonepo. Anakabisa mlendo wina chaka chapitacho, ndipo pakati apa panadutsa mvula, moto wolusa ndi anyani. Ndinayesa kuimbira Fiskani mpaka khutu kutentha, koma Chelinda inali itamumeza.

M'mawa mwake tinakwera minibasi mpaka ku Chiweta, osalankhulana. Tinayamba kukwera phiri, ine ndi nsapato zanga zoyendera m'mapiri, iwo ndi nsapato za kutchalitchi, ambulera kumanja. Ndinkaganiza kuti ndiziwadikira, koma wopuma wefuwefu ndinali ine. Nyanja inali mbee kumunsi uko, mitengo itaphuka masamba ofiira, koma ndani anali ndi maso oonera zokongola?

M'kachigwa kena ndinawaonetsa mwala wotuwa, mmene munatuluka timafupa tondondozana. Anavala mandala, n'kuwerama, n'kuyendetsapo chala.

"Uwu ndi msana," anatero. "Si wa munthu. Mumagwamula?"

"Ayi, Amama, n'zoletsedwa. Timangoona."

"Enya. Mafupa ndawaona. Chuma chija?"

Muvi wa pafoni unatifikitsa pa mtengo wina waukulu wozunguliridwa ndi miyala, kenako unayamba kuzungulira ngati nkhuku yodwala chitopa. Amama anayala chitenje pamwala n'kukhala. Ine ndinagwada. Ndinagubuduza miyala, ndinapisa dzanja m'ming'alu yoti tsiku lina lililonse sindikanayerekeza, ndinakwawa m'udzu mpaka chitedze chinandipeza m'mikono. Ndinapeza chinkhanira chimodzi ndi chigoba cha nkhono. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma amene ananena zimenezo analibe apongozi atakhala pamwala kumuyang'ana.

Panali chinthu chimodzi chimene ndinkabisa. Wobisa kabotolo amasiya mawu othandiza osaka akasowa mtengo wogwira. Mawuwo ndinali nditawawerenga chamumtima kalekale, koma kuwatchula pamaso pa mayi amenewa kunali kudzikumbira dzenje. Ndipo poopa kuwatchula, ndinaopanso kuwatsata.

Dzuwa litafika paliwombo, Amama anaimirira n'kukutumula chitenje chawo.

"Basi, Tawina. Tiye tizipita."

Anayankhula mofatsa, ndipo kufatsako ndiko kunandipweteka. Misozi inangoyamba yokha.

"Amama, ine Fiskani ndimamukonda. Zokhwima sindizidziwa. Pali mawu ena pafonipa, koma mukawamva mundithamangitsa."

"Werenga."

"Akuti... akuti chuma chili m'nyumba ya kadzidzi."



"Kadzidzinso!" anatero, atagwira m'chiuno. "Mafupa, botolo, tsopano kadzidzi. Wobisayo ngwa kuno?"

"Ndi mlendo wa kunja, Amama. Kwawoko akuti kadzidzi ndi mbalame ya nzeru."

"Nzeru!" Anapukusa mutu. Kenako anakweza maso. "Nanga iwe m'mawa wonsewu ukukumba pansi ngati mfuko, kadzidzi amagona pansi?"

Pamwamba pa mutu wanga penipeni, pamene nthambi ziwiri zinasiyana, panali mphako. Amama anatembenuza ambulera, n'kulowetsa chogwirira chake chokhota chija, n'kukoka. Kanagwa pansi kuti phi. Kabotolo konenepa, kokulungidwa ndi tepi yakuda. Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe, kenako unagwanso, chifukwa kunena zoona kankaoneka ngati nsupa yeniyeni.

Anakatola okha. Anatsegula, n'kununkhiza ngati botolo la mankhwala okayikitsa, n'kukhuthulira zonse pachitenje. Munatuluka wezulo wa pulasitiki, batani lalikulu la jekete, kagalimoto ka ana kopanda tayala limodzi, ndi mphira womangira tsitsi.

Anaziyang'ana nthawi yaitali. Mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo ndinkayesa akulira. Kunali kuseka. Anaseka mpaka kuvula mandala, mpaka kukhalanso pamwala paja.

"Ndiye chuma chake n'chimenechi? Ine kusala kudya, kugwada mpaka mawondo kutupa, chifukwa cha batani?"

Nanenso ndinayamba kuseka, mamina ndi misozi pamodzi, uku ndikukanda chitedze. Thupi lonse linapepuka ngati ndatula mtolo wa nkhuni.

"Ufiti ulibe, mwana iwe," anatero akupukuta m'maso. "Koma mutu wako, mmm, tizingoupempherera."

Ndinawakumbutsa lamulo la masewerawo, ndikuyesa akana. Anasankha wezulo, nati akawopsezera nkhuku za aneba. Anafufuza m'kachikwama kawo n'kupeza phini watsopano, n'kumuponya m'kabotolomo. Pobwezera m'mphako anandiuza kuti ndilowetse mkati kwambiri, anyani angatenge.

Potsika ndiye anatsegula pakamwa. Anandiuza kuti Temwa akamuona, kuti chitedze mankhwala ake ndi kusakanda, ndiponso kuti mawa ndivale malaya a manja aatali, mpingo ungaganize kuti andimenya. Wezulo uja anamuliza kawiri, mbalame n'kubalalika.

Pamsewu, podikira minibasi, tinakhala pafupi ndi mayi wina wogulitsa nthochi. Anali wodziwana ndi Amama kuyambira kuchipatala, ndipo anapatsana moni wautali wa Chitumbuka, wofunsana mpaka mbuzi. Kenako mayiyo anandiyang'ana, mawondo ali mbuu, udzu uli m'tsitsi.

"Nanga uyu mwamutola kuti?"

Amama anandichotsa kaudzu kumutu, osafulumira.

"Mkamwana wane uyu, mkazi wa Fiskani," anatero. "Mawa tikulengeza. Mubwere."

Mayiyo analuluta pomwepo pamsewu. Ine ndinangokhala pansi pafumbi. Amama anasenda nthochi n'kundipatsira m'manja, ndipo ndinaidya ndikulira.